Funsani Azakhali: Ndalama za bizinesi imeneyi zikuchokera m'thumba la yani?

Makalata ndi mauthenga ambiri amene mwanditumizira mwezi uno kuchokera kuno ku Mangochi ndi a nkhani imodzi: mabizinesi amene munthu amayamba walipira kaye, kenako n'kumuuza kuti ndalama zizimupeza ali khale pakhomo. Maina anu ndawachotsa monga mwa nthawi zonse. A makampani ndawachotsanso, chifukwa dzina limasintha chaka ndi chaka pamene kachitidwe kake ndi komweko.

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Namwera. Bambo a kunyumba ali ku Joni, amatumizako kangachepe mwezi ukatha. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi ananditengera ku seminala pa loji ina ku boma. Akuti ndikalipira K350,000 andipatsa pakeji ya khofi, sopo, mankhwala otsukira mano ndi makapisozi othandiza shuga, BP ndi nyamakazi. Ndikabweretsa anthu 6, iwonso aliyense n'kubweretsa ake 6, ndizilandira ndalama sabata iliyonse. Anationetsa setifiketi ya boma ndi zithunzi za anthu amene anapata magalimoto. Ndikufuna nditenge ngongole ku banki m'khonde, chiwongoladzanja chake ndi K20 pa K100 iliyonse pa mwezi. Bambowa sindinawauze, ndimafuna adzangoona zipatso zake. Kodi ndilowe? — Mayi wa ku Namwera

Mayi, ngongoleyo musatenge. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mwana akuitaneni musanamalize kuwerenga, chachikulucho mukhale mutamva.

Pa bizinesi iliyonse imene munthu wakuitanirani, funsani kuti ndalama imene mudzalandireyo idzachokera kwa yani. Mayi wogulitsa usipa funso limeneli sachedwa nalo. Anakaoda ndowa zake ku Makawa kapena ku Msaka, anayanika pa thandala, anakwera nawo galimoto kukwera mapiri kudza kwanuko, munthu anagula mulu n'kukaphika ndiwo. Wogula uja sanalowe nawo bizinesi ya usipa, sanalipire ndalama yolembetsera, ndipo mawa adzabweranso chifukwa njala idzamupweteka. Phindu la mayiyo lachokera kwa munthu wakunja amene walandira chinthu chomwe amafuna. Tsopano werenganinso kalata yanu. Pa zimene anakuuzani ku seminala, ndalama ya sabata iliyonse ija sikuchokera kwa womwa khofi. Ikuchokera kwa anthu 6 amene mudzawakope, aliyense atapereka K350,000 yake. Mukawasowa anthuwo mulibe cholandira, ngakhale khofiyo akhale wokoma bwanji.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu amenewa ku seminala amawalemba pa bolodi mpaka pa mzere wachitatu basi, pamene manambala akadali okoma. Inu mwabweretsa 6. Iwo abweretsa 36. Amenewo abweretsa 216, kenako 1,296, kenako 7,776, kenako 46,656, kenako 279,936. Mzere wachisanu ndi chitatu ukufunika anthu 1,679,616. Pa kalembera wa 2018, boma lonse la Mangochi, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nankumba, kuwerengera makanda ndi agogo omwe, linali ndi anthu osakwana 1.2 miliyoni. Mzere wakhumi ukufuna anthu opitirira 60 miliyoni, pamene Malawi yense pa kalembera yemweyo anali ndi anthu 17.5 miliyoni. Ndiye dziwani kuti inu simuli pamwamba. Mnzanu anakopedwa ndi wina, winayo anakopedwanso, ndipo palibe amene anakuuzani kuti mukulowa pa mzere wachingati. Chinanso chimene masamuwa akuonetsa n'chakuti tsiku lililonse limene chinthuchi chingaime, pa anthu 6 alionse amene analowa, pafupifupi 5 amakhala ali pa mzere wa pansi penipeni, atalipira koma opanda wina pansi pawo. Izi sizichitika chifukwa anthuwo ndi aulesi, monga a upline, anthu amene ali pamwamba panu pa mzere, amanenera. Ndi mmene chinapangidwira.

Mwina mukuti, "Koma Azakhali, katundu alipo, ndinamugwira ndi manja anga." N'zoona, ndipo si kampani iliyonse ya netiweki, yogulitsa katundu kudzera mwa mamembala okopana, imene ili yophwanya lamulo. Zilipo zimene zili ndi katundu weniweni, ndipo alipo anthu ochepa amene amapezako kangachepe pogulitsa katunduyo ngati wavenda wina aliyense. Kuyeza kwake n'kosavuta. Funsani mtengo wa bokosi limodzi la khofiyo. Kenako pitani pa golosale za pa Namwera mukaone mtengo wa khofi ndi sopo zimene anthu amagula tsiku ndi tsiku. Dzifunseni ngati munthu wosakudziwani, wosakuchitirani manyazi, angatulutse ndalama imeneyo m'thumba mwezi ndi mwezi popanda kumulonjeza kuti nayenso adzalemera. Ngati ogula katunduyo ndi mamembala okhaokha, katunduyo wangokhala chophimbira.

Pa ntchito yanga yophunzitsa magulu a banki m'khonde kasungidwe ka mabuku, ndinafikapo pakhomo pa msungichuma wa gulu lina la m'mbali mwa nyanja. Pofuna kutulutsa bokosi la gulu kunsi kwa bedi, anayamba wakoka makatoni atatu. Anatsegula limodzi kuti ndione. Sopo anali atachita thukuta ndi kutentha kwa kuno, mapepala ake atamatirira. Makapisozi anali atagwirana m'botolo, ndipo tsiku lothera mphamvu lolembedwa pansi pake linali litadutsa kale. Mayiyo ankagula katundu mwezi uliwonse, osati chifukwa anali ndi makasitomala, koma chifukwa anamuuza kuti akadumphitsa mwezi mapoyinti ake afufutika ndipo sadzalandira komishoni. Ndiye mnzanuyo mufunseni mafunso amenewa pamaso: kodi pali katundu amene ndiyenera kugula mwezi uliwonse kuti ndisachotsedwe? Katundu akapanda kuyenda, kampani imalandira n'kundibwezera ndalama? Zimenezi zinalembedwa pati? Ndipo iyeyo mwini wake, kuchotsa ya pakeji, ya thiransipoti yopitira ku maseminala, ya bandulo ndi ya katundu wa mwezi ndi mwezi, watsala ndi zingati m'manja? Akuonetseni mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a miyezi itatu yapitayi. Chithunzi cha galimoto ya munthu wa ku dziko lina si umboni wa chimene mayi wa ku Namwera adzapeze.

Nkhani yoteroyi inafika ngakhale ku makampani akuluakulu. Mu 2016 kampani ya Herbalife inagwirizana ndi bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, kuti ilipire madola 200 miliyoni obwezera anthu, komanso kuti isinthe kayendetsedwe kake kuti mamembala azilipidwa potengera katundu amene wagulidwadi ndi makasitomala enieni, osati pongokopa anthu ena. Kampaniyo sinatsekedwe, koma funso limene boma linafunsa ndi lomweli ndikukufunsani inu.

Za setifiketi ija. Kulembetsa kampani ku ofesi ya boma yolembetsa makampani kumangosonyeza kuti dzinalo lilipo m'kaundula. Sikutanthauza kuti boma launika bizinesiyo n'kuona kuti mudzapindula. Wofuna kusunga kapena kuchulukitsa ndalama za anthu amafunika chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Mankhwala amavomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Awa ndi mapepala osiyana, ndipo amene amakupizidwa m'mwamba ku seminala kawirikawiri limakhala loyambalo. Pa makapisozi aja ndiye mtima wanga umandiwawa kwambiri. Mukalowa, mudzayamba kuuza apongozi anu, aneba ndi azimayi anzanu kuti botolo limodzi limathana ndi shuga, BP ndi nyamakazi. Wina adzakukhulupirirani chifukwa ndinu mayi waulemu wanu, asiye mankhwala a kuchipatala. Shuga ndi BP sizimasewera. Ndalama zikatayika munthu amapeza zina, koma wakufa ziwalo chifukwa anasiya mapilitsi ake mudzamuyang'ana bwanji?

Ngongole ija tiiwerengenso. K20 pa K100 ya K350,000 ndi K70,000 pa mwezi, chiwongoladzanja chokha, mpamba usanakhudzidwe. Tiyerekeze kuti pa bokosi lililonse mukupeza K3,000. Muyenera kugulitsa mabokosi 24 mwezi uliwonse kuti mungobweza chiwongoladzanjacho. Mukalephera, amene akubwera kudzanyamula matiresi ndi malata si kampani ija ayi, ndi azimayi anzanu a m'gulu, amenenso ndalamazo ndi zawo za masheya zimene akudikira pogawana mu Disembala.

Ndipo bambo a kunyumba auzeni. Ndalama ya ku Joni anthu amaipeza movutika, ena akugona anthu asanu m'kachipinda kamodzi kuti atumize kwawo. Ngati ku seminala anakuuzani kuti musauze amuna anu kapena abale chifukwa "adzakubwezani m'mbuyo", chimenecho chokha chikuchenjezeni. Munthu wa malonda abwino sachita mantha kuti mukafunsa nzeru kunyumba, ndipo sakukakamizani kuti mulipire lero lomwe chifukwa mawa malo atha.

Azakhali, ine ndimapalasa kabaza kuchokera pa Mpondasi kukafika mu tauni. Pali app ina imene anzanga pa siteji alowa. Umaika K50,000, kenako tsiku lililonse umangodina mavidiyo n'kulandira K3,000. Ine ndinaika ndipo ndatapapo kale kawiri, ndalama zenizeni, kwa ejenti. Tsopano akuti ndikakwera VIP ya K300,000 ndizilandira K20,000 pa tsiku. Ndikuganiza zogulitsa njinga. Inu mumati zonse n'zabodza, nanga ndalama ndinatapazi ndi zabodza? — Mnyamata wa pa siteji, Mpondasi

Mwana wanga, ndalama unatapazo ndi zenizeni, sindikukana. Koma ndi ndalama za mnzako amene analowa dzulo, ndipo mwina ndi K50,000 yako yomwe ija akukubwezera pang'onopang'ono. Imeneyo ndi nyambo. Akufuna K300,000, ndipo waona wekha kuti zatheka, chifukwa wayamba kale kuiyang'ana njinga ngati katundu wogulitsa.

K3,000 pa tsiku ndi K90,000 pa mwezi, pa mpamba wa K50,000. Palibe sitolo, munda, bwato kapena banki imene imabereka chonchi. Munthu atakhaladi ndi bizinesi yotero sangavutike kufunafuna anyamata a kabaza pa WhatsApp. Angapite ku banki kukakongola pa chiwongoladzanja cha pa chaka, phindu lonse n'kudya yekha. Tayang'ananso nambala imene unatumizako ndalama. Ndikukhulupirira kuti uthenga unabwera ndi dzina la munthu, osati la kampani, ndipo mwina sabata ino akupatsa nambala ina. Ofesi yawo ili kuti? Utafuna kukadandaula, ungagogode pa chitseko chiti?

Chinyengo chimenechi n'chakale kuposa foni. Mu 1920, mumzinda wa Boston ku America, Charles Ponzi ankalonjeza anthu kuti ndalama zawo ziwonjezereka ndi theka pa masiku 45. Oyamba ankawalipiradi, ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo olipidwawo ndi amene ankakopa anzawo. Chaka chomwecho zinagwa, iye n'kupita kundende. Pafupi ndi ife, MMM ya Sergei Mavrodi, imene inagwa kale ku Russia mu 1994, inatulukiranso ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria m'zaka za 2015 ndi 2016, ikulonjeza K30 pa K100 iliyonse pa mwezi. Anthu ankatapadi poyamba. Mu Disembala 2016 maakaunti a anthu ku Nigeria anatsekedwa, ndipo khamu la anthu linatsala manja lende. Ona kuti MMM inkalonjeza 30 pa 100, pamene app yako ikulonjeza 180 pa 100. Ikamakoma kwambiri chonchi imagwanso msanga.

Mathero ake ndikuuziretu kuti ukawaona uwazindikire. Tsiku lina kutapa kudzavuta, adzati akukonza netiweki. Kenako adzati kuti ndalama zako zituluke ulipire kaye msonkho, kapena ubweretse anthu awiri. Ukalipira, gulu la pa WhatsApp lidzatsekedwa kuti olemba akhale ma admin okha, ndipo m'mawa mwake app sidzatsegukanso. Choncho tapa zimene ungathe lero, usawonjezere ngakhale K1,000, usakope wina aliyense pa siteji, ndipo ngati unawatumizira chithunzi cha chiphaso chako cha unzika kapena unalembapo PIN yako, PIN-yo isinthe usanagone. Njinga ija ndi imene ikukudyetsa iwe ndi amene umawathandiza kwanu. Isachoke pakhomo.

Azakhali, ndinalemba MSCE chaka chatha, ndili pakhomo ku Monkey Bay. Ndinaona pa Facebook kuti akufuna anthu otayipa pa foni ali kunyumba, malipiro K200,000 pa mwezi, koma ulipire kaye K15,000 ya fomu ndi maphunziro. — Mtsikana wofuna ntchito

Usalipire, mwanawe. Wolemba ntchito ndi amene amalipira wantchito. Iwo akatolera K15,000 kwa atsikana 200 apeza K3 miliyoni, ndipo ntchito yawo yathera pomwepo. Ena ukalipira amakutumizira uthenga womwe uja kuti nawenso uziumwaza m'magulu n'kumadyapo pa olembetsa atsopano. Chenjeranso ndi "ntchito" ina imene ikufala, yoti anthu azitumiza ndalama pa nambala yako iwe n'kumazipititsa kwina utachotsapo pang'ono. Zimakhala ndalama zobedwa, ndipo nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso chako. Apolisi akamatsata, adzafikira pakhomo pa makolo ako.

Azakhali, ine ndinalowa kale. Ndine mphunzitsi kumbali ya Malindi. Poona kuti ndine aphunzitsi, anthu anandikhulupirira. Ndinalowetsa alamu anga, apongozi aakazi amene anagulitsa mbuzi zinayi, ndi anzanga atatu a kwaya. Miyezi isanu tsopano palibe walandira kanthu. Amene anandilowetsa akuti vuto ndi ine, ndipeze anthu ena anayi kuti mbali yanga idzaze ndiye ndalama zituluka, ndibweze onse. Kunyumba sitikulankhulana bwino. Usiku sindigona. Nditani? — Aphunzitsi, Malindi

Aphunzitsi, kalata yanu ndaiwerenga mobwereza, ndipo ndikuthokozani kuti mwalemba, chifukwa ambiri amene ali pamene mulipo amangokhala chete ndi manyazi, atambwali aja n'kusamukira mudzi wina. Munapusitsidwa ndi anthu amene kupusitsa ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Amasankha dala aphunzitsi, anamwino, atsogoleri a mpingo ndi a mzikiti, amayi a mabungwe, chifukwa akudziwa kuti mukalowa inu mudzi ukutsatirani.

Anthu anayi enawo musawafune. Mpaka pano munkakopa anthu mukukhulupirira kuti n'zabwino. Mukakopa wina lero, mukumukopa mukudziwa, ndipo pamaso pa anthu ndi pamaso pa lamulo imeneyo ndi nkhani ina. Ndiponso ngakhale anayiwo atalowa, ndalama yochepa imene ingatuluke ndi yawo yomweyo. Mudzakhala mwabweza mbuzi za apongozi ndi mbuzi za munthu wina.

Sonkhanitsani umboni tsopano, zinthu zisanafufutidwe: malisiti, mauthenga a ndalama zonse zimene munatumiza ndi manambala ake, zithunzi za zokambirana za pa WhatsApp, mapepala amene munasaina, maina a amene ankayankhula ku maseminala ndi malo ake. Lembani m'kope kuti ndani anapereka zingati, tsiku liti, kudzera mwa yani. Kenako mupite ku polisi, makamaka pamodzi ndi anzanu a kwaya aja, chifukwa dandaulo la anthu anayi limamveka kuposa la mmodzi, ndipo kupita mwa kufuna kwanu kukusonyeza kuti simukubisa kanthu. Apolisi ali ndi nthambi ya Fiscal yoona milandu ya ndalama. Lemberaninso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula, poti lamulo limene bungweli limayendera limaletsa malonda a piramidi, oti olowa kale azidya ndalama za olowa kumene. Ngati ankatolera ndalama polonjeza kuti zibereka, dziwitsaninso Reserve Bank of Malawi, imene yakhala ikuchenjeza anthu za magulu otere. Kampani ya foni imene ndalama zinadutsira muiuzenso nambalazo. Sindikulonjezani kuti ndalama zibwera, chifukwa nthawi zambiri zimakhala zitadyedwa kale. Koma dandaulo lanu likhoza kuletsa seminala yotsatira. Ndipo akadzakuimbirani munthu wonena kuti ndi loya kapena wa boma, angathe kukubwezerani ndalama zanu mukamupatsa kaye ya "kutsegulira fayilo", dziwani kuti ndi omwe aja abweranso ndi chipewa china.

Tsopano za kunyumba, zimene ndikuona kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Musadikire kuti apongozi amve kwa anthu a kumadzi. Yambani ndi mayi a kunyumba, muwauze zonse, manambala omwe. Kenako pemphani ankhoswe akuperekezeni kwa apongozi. Mukakhale pansi, munene mosazungulira kuti chinthu chija chinali chachinyengo, kuti nanunso mwataya zanu, ndiponso kuti mwakadandaula kale ku polisi. Ngati munalandirapo komishoni pa kulowa kwawo, ibwezeni yonse, chifukwa inachokera pa mbuzi zawo. Zotsalazo, ngati mtima wanu ukufuna kuthandiza, lonjezani zimene malipiro a mphunzitsi angakwanitse, kaya ndi kamwana ka mbuzi kamodzi pakapita miyezi ingapo, ndipo musaphonye. Musakatenge katapila kuti mutseke manyazi msanga. Adzakwiya, mwina kwa nthawi ndithu, koma chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo kusagonaku musakusenze nokha. Pezani munthu mmodzi, kaya abusa, kaya mnzanu wa pa sukulu, woti muzimuuza zakukhosi.

Azakhali, ife azimayi ogulitsa nsomba mu msika wa pa boma tili ndi chipereganyu, anthu 10, K20,000 sabata iliyonse. Mwana wanga akuti nachonso ndi piramidi. N'zoona? — Mayi wa nsomba zouma

Ayi, amayi. Pa chipereganyu chanu aliyense amapereka K200,000 pa masabata 10 ndipo amalandira K200,000. Palibe amene walonjezedwa phindu, simufunika munthu wa nambala 11 kuti wa nambala 10 alandire, ndipo nonse mumadziwana mabenchi. Choopsa chake n'chimodzi chodziwika, choti wina alandire n'kusiya kusonkha, ndipo chimenecho mumathana nacho nokha. Chimene mwana wanu mwina wamva ndi zija za pa WhatsApp zimene zabera dzina la chipereganyu: upereke K20,000 kwa munthu wosamudziwa, ubweretse awiri, udzalandire K160,000. Pamenepo pafunika anthu 8 atsopano kuti mmodzi alandire. Chikangofuna anthu atsopano kuti chiyende, si chipereganyunso.

Azakhali, kwathu ndi ku Makanjira. Anthu ena anabwera ndi bizinesi yopanga makandulo pakhomo. Ugule kwa iwo chikombole ndi sera pa K220,000, ukapanga makandulo iwo omwewo azidzagula onse. Apa palibe zokopa anthu, ndiye ndikuona ngati zili bwino. — Bambo wa ku Makanjira

Bambo, mwaona bwino kuti iyi si piramidi, ndipo kupanga makandulo, sopo kapena kuweta nkhuku pakhomo ndi ntchito zenizeni zimene anthu akudyera. Koma funso lija likadalipo, longotembenuka: iwowa phindu lawo ali nalo pati, pogula makandulo anu kapena pokugulitsani chikombole? Ngati ndi pa chikombole, tsiku limene mwalipira K220,000 iwo amaliza nanu. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti ulendo woyamba amagula pang'ono kuti mbiri imveke m'mudzi, ulendo wachiwiri amati makandulo ndi opindika kapena chingwe sichili pakati, ulendo wachitatu foni siyankhidwa. Ena amakukakamizani kuti sera muzigula kwa iwo okha pa mtengo wawo. Inu mukudziwa mmene msewu wa kwanu umakhalira mvula ikayamba. Munthu amene akulonjeza kuti azibwera mwezi ndi mwezi kudzatenga makatoni a makandulo, pamene makandulo a ku fakitale ali mbwee m'mahawkala a mu tauni, afotokoze bwino kuti akukawagulitsa kuti ndipo pa mtengo wanji.

Musanapereke kanthu, apempheni maina a anthu amene anayamba nawo chaka chatha, ndipo mukawaone nokha popanda iwo kukuperekezani. Mukafunse kuti agulidwa kangati ndipo ndalama analandira liti. Funsani kwa achibale a ku Blantyre kapena ku Lilongwe mtengo wa chikombole ndi sera m'masitolo, mwina mupeza kuti ndi wotsika kwambiri. Pangano logula lilembedwe, likhale ndi mtengo wa kandulo imodzi, kuchuluka kwake, tsiku lolipira ndi zifukwa zimene angakanire katundu, lisainidwe pamaso pa amfumu kapena mboni zimene mwasankha inu. Ndipo werengerani ngati kuti iwo sadzabweranso: kandulo imodzi ikutengerani zingati pa sera, chingwe ndi nkhuni, ndipo eni magolosale a pa Makanjira, amene makasitomala awo ambiri tsopano ali ndi matochi ndi timasola, angatenge zingati pa sabata. Afunseni eni magolosalewo sabata ino, mutanyamula kandulo ya chitsanzo m'manja.